Kodi tizilombo ta m'matumbo tingachize shuga ya mwana wanga?

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wake wa zaka 9 anamupeza ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, ndipo wawerenga kuti gwero lake lili m'matumbo. Akufunsa ngati angayambe kumupatsa ma probiotic (mabakiteriya amoyo amene anthu amamwa kuti athandize m'matumbo) n'kusiya jakisoni wa insulini.

Mayi, insulini musasiye ngakhale tsiku limodzi. Mwana akaisiya, asidi amachuluka m'magazi, amayamba kusanza ndi kupuma mwabefu, ndipo angathe kumwalira m'masiku ochepa chabe. Koma zomwe mwawerengazo si nkhambakamwa ayi.

Shuga ya mtundu uwu imayamba chitetezo cha m'thupi chikasokonezeka n'kuyamba kupha maselo a m'kapamba amene amapanga insulini. Thupi lili ndi maselo ena otchedwa Treg, omwe ntchito yawo ndi kuletsa chitetezocho kuti chisaukire mwini wake. Apa ndi pomwe matumbo amalowerera. Mabakiteriya ena akamagaya mbali ya masamba ndi mbewu imene mimba yathu imalephera kugaya, amatulutsa butyrate, yemwe amalimbitsa khoma la matumbo ndi kuchulukitsa ma Treg.

Chomwe chimandichititsa chidwi ine ndi nkhani ya Finland ndi dera la Karelia ku Russia. Madera awiriwa ndi oyandikana, anthu ake amafanana kwambiri pa chibadwa, koma ana a ku Finland amadwala shugayi pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo a tsidya linalo. Mu 2016 ofufuza a kafukufuku wa ana wotchedwa DIABIMMUNE anapeza kuti makanda a ku Finland ndi Estonia anali ndi mabakiteriya ambiri a mtundu wa Bacteroides, omwe khungu lawo silidzutsa chitetezo cha m'thupi. Kwa makanda a ku Russia, chodzutsa chitetezocho chinkachokera makamaka kwa bakiteriya wotchedwa E. coli, amene amachigwedeza ndithu. Zikuoneka kuti chitetezo chili ngati mwana: chikapanda kuwongoledwa chili chaching'ono, chimadzavuta chikakula.

Ku Australia, mu 2017, mbewa zomwe mwachibadwa zimadwala shuga zinatetezeka zitadyetsedwa chakudya chotulutsa butyrate ndi mnzake wotchedwa acetate m'matumbo. Komatu mbewa si mwana wanu, ndipo mbewazo zinali zisanadwale. Ku Amsterdam anayesa pa anthu 20 omwe anali atangopezeka kumene ndi matendawa, powaika m'matumbo tizilombo tochokera m'chimbudzi. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2021, zinadabwitsa: amene analandira tizilombo tochokera m'chimbudzi chawo cha iwo eni anasunga mphamvu yopanga insulini kuposa amene analandira ta anthu athanzi. Anthu 20 ndi ochepa zedi, ndipo sichinali chithandizo cholowa m'malo mwa jakisoni.

Kunena mosapsatira, amene amagulitsa ma probiotic ponena kuti amachiza shuga ya ana akungokudyerani ndalama. Maselo a m'kapamba akafa, palibe bakiteriya amene angawadzutse. Musadziimbenso mlandu pa zomwe munamudyetsa ali khanda. Chibadwa chili ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi.

Ngati mwanayu ali ndi abale ake a bere limodzi, funsani dokotala za kuwayeza magazi. Zizindikiro zoti chitetezo chayamba kuukira kapamba zimaoneka zaka zingapo shuga isanakwere, ndipo mu 2022 dziko la America linavomereza mankhwala a teplizumab, amene amachedwetsa matendawa pafupifupi zaka ziwiri mwa anthu amene zizindikirozo zaoneka kale.