Mwini masheya wamkulu: amapha zatsopano kapena amazilera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Matawale, mphunzitsi wopuma pantchito. Anagula masheya m'makampani awiri a pa Malawi Stock Exchange, koma powerenga malipoti a pachaka anadabwa kuona kuti m'kampani iliyonse muli mwini mmodzi amene wagwira gawo lalikulu zedi. Funso lawo ndi ili: "Kodi kampani yotere ingayambitse chatsopano, kapena imangovina nyimbo ya mwini wamkuluyo?"

Bambo, maso anu sanakunamizeni. Kuno kwathu ndi momwe zilili. Masheya 76 mwa 100 aliwonse a Illovo Sugar Malawi ali m'manja mwa Illovo Sugar Africa. Airtel Malawi polowa pamsika mu 2020 inagulitsa kwa anthu masheya 20 okha mwa 100. Ku National Bank, Press Corporation ili ndi oposa theka. Koma ine sindiwerengera kukula kwa gawo. Chimene ndimayang'ana ndi mtima wa mwiniyo: angadikire zaka zingati asanadye phindu, ndipo chinthu chikalephereka amatani?

Ndinaziona ndi maso pachigayo china cha mpunga chakufupi ndi Nyanja ya Chilwa. Eni ake anali abale asanu, ndalama anasonkha mofanana. Mnyamata woyendetsa chigayocho anawauza kuti agule makina osankha mpunga wosweka, azipakira wabwino m'mapaketi n'kumagulitsa m'masitolo a m'tauni. Anakhala pansi pa mtengo wa mango katatu konse. Wina ankafuna fizi ya mwana, wina malata, wina feteleza. Ndalama ija anagawana, makina osagulidwa. Palibe amene anali woipa mtima. Kungoti aliyense gawo lake linali laling'ono moti sakanasala njala chaka chathunthu chifukwa cha phindu la m'tsogolo. Pakadakhala mmodzi wa gawo lalikulu ndi thumba lolimba, mnyamatayo akanamveka.

Makampani akuluakulu nawonso ndi chimodzimodzi. Mu 2013 akatswiri a zachuma Philippe Aghion, John Van Reenen ndi Luigi Zingales anasindikiza kafukufuku wa makampani a ku America. Anapeza kuti kumene mabungwe osunga ndalama za anthu, monga a penshoni ndi inshuwalansi, ali ndi masheya ambiri, zotulukira zatsopano zimachuluka. Chifukwa chake n'chimene chimandigwira mtima. Bwana woyendetsa kampani amaopa kuyesa chatsopano poti chikakanika amuchotsa ntchito. Mwini wamkulu amene amatsatira bwino nkhani za kampani amatha kusiyanitsa tsoka ndi ulesi, choncho phindu likatsika chaka chimodzi sathamangira kum'pitikitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Taonani M-Pesa ya ku Kenya, njira yotumizira ndalama pafoni yomwe inayamba mu 2007. Ganizo lake linachokera ku Vodafone, kampani ya ku Britain imene inali ndi masheya 40 mwa 100 mu Safaricom, kampani ya mafoni yoyendetsa M-Pesa, ndipo boma la Britain linathandizapo ndalama zoyesera. Airtel Money itafika kuno mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, msewu unali utalambulidwa kale. Lero mayi wogulitsa matemba mumsika wa Zomba amalandira ndalama pafoni.

Komabe nkhawa yanu ili ndi mutu. Mwini wamkulu akakhala kampani yakunja, kawirikawiri zatsopano zimapangidwira kulikulu, ife timangolandira zakupsa kale, ndipo ana athu ophunzira ku UNIMA amasanduka oyendetsa chabe za anzawo. Izi zimandiwawa. Kulinso mwini amene ali ndi ngongole kwina, amakama kampani chaka ndi chaka osasiyako kanthu. Winanso chuma chake chonse chili m'dengu limodzi lomweli, ndiye amaopa chilichonse chachilendo kuposa inu wa masheya ochepa.

Tsono lipoti lija litsegulaninso. Onani phindu limene lagawidwa ndi limene latsala, ndipo lotsalalo lagula chiyani. Onani ngati kampani ikulipira mwini wamkulu ndalama za upangiri kapena za dzina, ndi kuchuluka kwake. Werengani mayina a m'bodi, muone angati sanaikidwe ndi iye. Msonkhano waukulu wa pachaka ukaitanidwa, kwerani minibasi ya ku Blantyre, mukaimike dzanja, mukafunse kuti m'zaka zitatu zapitazi ayesa chiyani chimene chinakanika, ndipo amene anachiyesayo akadali pantchito kapena ayi.