Seva Yakana Kulandira Mapulogalamu Atsopano

Funso: Ndimayang'anira seva ya Ubuntu 22.04 ku ofesi kwathu. Sabata yatha nditalemba apt upgrade, lamulo louza apt (pulogalamu yoikira mapulogalamu ena) kuti ibweretse atsopano, ntchito inaima pakati ndi uthenga wakuti "No space left on device" (kutanthauza kuti malo atha), ndipo kuyambira tsiku limenelo apt ikukana chilichonse, chonsecho disiki ili ndi malo ambiri. Kodi ndinalakwitsa pati?

Yankho: Sikuti munalakwitsa. Kawirikawiri vutoli limachokera ku kagawo kakang'ono ka disiki kotchedwa /boot, komwe kernel (phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta) iliyonse yatsopano imaikidwa pamodzi ndi fayilo yake ya initrd.img yothandiza makina poyaka, zakale n'kumangounjikana mpaka kagawoko kudzaza. Lembani df -h /boot, ndipo mukaona 100% ndiye kuti mwapeza gwero lake.

Musanafufute kanthu, lembani uname -r kuti mudziwe kernel imene ikuyendetsa makinawo pakali pano. Imeneyo musaikhudze ngakhale pang'ono, chifukwa ambiri amene anachita phuma pamenepa anapeza seva ikukana kuyaka ataizimitsa. Popeza apt yatsamwidwa kale, chotsani pamanja mafayilo awiri akale kwambiri a initrd.img kuti papezeke mpata, kenako lembani sudo apt --fix-broken install, mumalize ndi sudo apt autoremove --purge.

Ife timalangiza kuti musiyeko kernel yakale imodzi imene mukudziwa kuti inkagwira bwino ntchito. Yatsopanoyo ikavuta, mudzasankha yakaleyo pa GRUB (pulogalamu yoyatsa Ubuntu), pansi pa "Advanced options for Ubuntu", makina akamayaka.