Mwana wanu akufuna kuphunzira za nyama zolera ana a zinzake

Mayi wina watilembera ali ndi nkhawa. Mwana wawo wamkazi, yemwe akumaliza sekondale, wakana za unamwino ndipo akuti akufuna kudzafufuza chifukwa chimene mbalame ndi nyama zina zimalekera kubereka n'kumalera ana a zinzake. Mayiwa akufunsa ngati amenewa ndi maphunziro enieni, komanso ngati munthu angadye nawo.

Mayi, funso la mwana wanuyu lasowetsa tulo akatswiri kwa zaka zambiri. Taganizani za kambalame kakang'ono kamene kakula, kakhoza kumanga chisa chake, koma tsiku lonse kakungonyamula tizilombo kukamwa kupititsa kwa anapiye omwe si ake. Chamoyo chimene sichibereka sichisiya mbewu, ndiye khalidwe lotereli likanayenera kutha kalekale. Koma silinathe. Pafupifupi mitundu 9 pa mitundu 100 iliyonse ya mbalame imalera ana mothandizana chonchi.

Yankho loyamba linachokera kwa katswiri wa zamoyo W. D. Hamilton mu 1964. Iye anaonetsa ndi masamu kuti m'bale wako wa bere limodzi amanyamula pafupifupi theka la zachibadwa zako, monga momwe mwana wako amanyamulira. Choncho kulera mng'ono wako kuli ngati kulera wako yemwe, bola phindu lake lipose zimene wataya posabereka.

Koma chibale chokha sichifotokoza zonse, ndipo apa ndi pamene ndimakonda kukhalitsa ndikamacheza ndi ophunzira. Pa chilumba cha Cousin ku Seychelles pali mbalame yotchedwa Seychelles warbler, imene m'zaka za m'ma 1960 inatsala pafupifupi 30 yokha. Chilumbacho atachiteteza, mbalamezo zinachulukana mpaka malo onse abwino anadzaza, ndipo ana okula anayamba kukhalira pakhomo pa makolo n'kumathandiza kudyetsa abale awo. Mu 1988 zina anazisamutsira ku chilumba cha Aride komwe kunalibe mbalame za mtunduwu, ndipo mu 1990 zina ku chilumba chinanso cha Cousine. Wofufuza wina, Jan Komdeur, amene ankazitsatira, anapeza kuti zitafika kumalo kopanda mwini, sizinatayenso nthawi ndi kuthandiza: iliyonse inapeza inzake n'kumanga chisa chake. Malo abwino atayambanso kudzaza, kuthandiza kunabwerera. Ndiye kuti zambiri zinkakhala pakhomo chifukwa chosowa kolowera.

Ku chipululu cha Kalahari, wofufuza wina, Tim Clutton-Brock, anayambitsa kafukufuku wa meerkat, tinyama ta mtundu wa msulu, mu 1993. Kumeneko zinaoneka kuti zodyetsa ana kwambiri ndi zimene zili ndi thupi labwino ndipo zadya mokwanira, osati kwenikweni zimene zili pachibale chapafupi. M'nyanja ya Tanganyika mulinso kansomba kotchedwa Neolamprologus pulcher, kamene kamasesa ndi kulondera malo a eni ake ngati kulipira lendi kuti asakathamangitse.

Tsopano za mwana wanuyo. Alimbikire Biology, inde, koma asanyoze masamu. Ambiri amene amakonda nyama amathawa masamu, n'kukakhumudwa ku yunivesite akapeza kuti ntchito yonse yagona pa kuwerengera. Chemistry nayo aigwire, chifukwa masiku ano chibale cha nyama amachidziwa poyeza DNA, imene imasunga zachibadwa za chamoyo. Digiri yoyamba ikhale ya Biology, Zoology (maphunziro a nyama) kapena Ecology (maphunziro a zamoyo ndi malo amene zimakhala). Kuzama pa khalidwe la nyama kumabwera pa digiri yachiwiri ndi yachitatu.

Mumuuzenso zoona zake za ntchitoyi. Munthu amadzuka kusanache, amamanga timphete tamitundumitundu ku miyendo ya mbalame kuti azizindikira iliyonse, kenako amakhala phee pansi pa mtengo maola atatu akulemba kuti yamphete yofiira yabweretsa chakudya kangati. Amatero miyezi, ena zaka. Kafukufuku wa mbalame za Florida scrub-jay ku malo ofufuzira a Archbold, m'dziko la America, anayamba mu 1969 ndipo akupitirirabe. Mumuyese mwanayo kuyambira pano: asankhe chisa chimodzi, atenge kope, azilemba zimene akuona tsiku ndi tsiku kwa milungu inayi. Akafika kumapeto mtima ukadali pomwepo, mudzadziwa kuti si zachibwana.

Za malipiro sindikubisirani. Mipando ya ofufuza za khalidwe la nyama ndi yochepa, ndipo ambiri amadalira thandizo la ndalama za kafukufuku limene limatha pakapita zaka zingapo. Komabe amene waphunzira kusonkhanitsa ndi kusanthula ziwerengero sasowa pogwira: kosamalira nyama zakutchire, kouniika mmene zitukuko zikhudzira chilengedwe, kuuphunzitsi, ngakhale kofufuza za matenda. N'chifukwa chake ndikubwerezanso kuti kalasi ya masamu asaiphonye ngakhale tsiku limodzi.