Kukwecha ndi kusintha maonekedwe a chigoba cha wotchi kunyumba: yankho kwa mwerengi wa ku Nchalo

Bambo wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo yokhudza mawotchi ake awiri apamkono. Yoyamba ndi Seiko 5 imene bambo awo anawasiyira, yomwe inakalikakalika thupi lonse, ndipo imodzi mwa nyanga zinayi zija zimene zimagwira lamba inamenyeka pamwala n'kutsala ndi kadzenje pakona. Yachiwiri ndi yooneka ngati golide, yogula pamsika, yomwe yayamba kuchita mawanga. Akufuna kudziwa ngati angathe kukwecha zigoba za mawotchiwa kunyumba kuti ziwale ngati zatsopano, komanso ngati angachepetse nyanga za Seiko ija ndi tupa kuti zioneke zowonda. Anenanso kuti mnzawo wowotcherera zitsulo wawalonjeza kuwabwereka gilainda.

Bambo, ntchitoyi ndi yotheka kunyumba, koma gilaindayo mumuthokoze mnzanuyo ndipo muisiye komweko. Kukwecha kulikonse ndi kuchotsa chitsulo, ndipo kuti mzere wokalika uzimiririke, chitsulo chonse chozungulira mzerewo chiyenera kutsitsidwa mpaka chifanane ndi pansi pake. Chitsulo chimene chachoka sichibwereranso. Gilainda inapangidwira mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo pa chigoba cha wotchi imadya m'kamphindi kochepa chitsulo chimene dzanja likanatha ola lathunthu kuti lichotse, n'kutenthetsanso chitsulocho mpaka kusintha mtundu.

Musanagule chilichonse, tembenuzani mawotchiwo muwerenge zimene zinalembedwa pachivundikiro chakumbuyo, chifukwa yankho la funso lanu lagona pamenepo. Mukapeza mawu akuti ALL STAINLESS STEEL kapena STAINLESS STEEL okha, nthawi zambiri chigoba chonse ndi chitsulo chosachita dzimbiri kuyambira kunja mpaka mkati, ndipo mungathe kuchikwecha. Koma mukapeza STAINLESS STEEL BACK kapena BASE METAL, dziwani kuti chitsulo chenichenicho ndi chivundikiro chokhacho, pamene chigobacho ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki kapena chitsulo china chotsika mtengo chimene anangochikuta pamwamba ndi kromu kapena golide. Pa mawotchi a Seiko, zilembo za SGP zimatanthauza kuti golideyo ndi wongokutira. Kukuta kotereku kumayezedwa m'mamaikuloni, ndipo maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mawotchi akale abwino ankakutidwa ndi golide wa mamaikuloni 10 kapena 20, ndipo otsika mtengo amakhala ndi wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Tsono mchenga umodzi wa pa sandipepala wa nambala 400 ndi wa mamaikuloni pafupifupi 35, kutanthauza kuti ndi waukulu kuposa golide yense amene ali pawotchiyo. Mukangokwecha kangapo, mkuwa uonekera, ndipo mkuwawo ukakumana ndi thukuta umadetsa mkono ndi zobiriwira. Pachifukwa chimenechi wotchi yanu yachiwiri ndikukulangizani kuti muingotsuka ndi kuipukuta ndi kansalu kofewa. Mawanga amene mukuwaonawo mwachidziwikire ndi malo amene golide anatha kale, ndipo mankhwala opukutira monga Brasso angowakulitsa. Chimodzimodzinso ndi mawotchi ena a Casio ooneka ngati siliva, monga A158, amene chigoba chake ndi pulasitiki yokutidwa.

Ena amayesa chitsulo ndi maginito, koma njirayi siithandiza pano. Chitsulo cha mtundu wa 316L, chimene mawotchi ambiri abwino amapangira zigoba, sichikokedwa kwenikweni ndi maginito, ndipo mkuwa nawonso sukokedwa. Choopsa china n'chakuti maginito akayandikira makina a mkati, kasipuling'i kowerenga nthawi kamamatirana ndipo wotchi imayamba kuthamanga.

Tibwere ku Seiko ija, poganiza kuti mwapeza kuti ndi chitsulo chokhachokha. Choyamba ndi kuchotsa lamba, makina a mkati, galasi ndi timalabala tonse totchinga madzi, kuti mutsale ndi chigoba chopanda kanthu. Ngati simunatsegulepo wotchi, gawo limeneli lokha mupatse wokonza mawotchi, ngakhale zitatanthauza kukwera phiri la Thabwa kupita ku Blantyre kapena ku Limbe. Kukwecha wotchi makina ali mkati ndi kuitanira fumbi la chitsulo ndi mchenga wa sandipepala kumalo amene sikufunika ngakhale kachitsotso, ndipo galasi limene lasiyidwa pamalo pake limakalikanso m'mphepete. Chivundikiro chakumbuyo musachikweche konse. Pamenepo ndi pamene pali nambala za wotchiyo, ndipo pa Seiko nambala yoyamba ya siriyo imasonyeza nambala yomaliza ya chaka chimene inapangidwa, pamene yachiwiri imasonyeza mwezi. Pa wotchi ya malemu bambo anu, zilembo zimenezo ndi mbiri yosayenera kufufutidwa.

Mukatsuka chigobacho ndi sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, chiyang'anitsitseni padzuwa, ngati n'kotheka ndi galasi lokulitsa zinthu. Mudzaona kuti sichinapangidwe mofanana paliponse. Nthawi zambiri pamwamba pa nyanga pamakhala timizere tosalala toyenda mbali imodzi, m'mbali mumawala ngati kalilole, ndipo pamene mbali ziwirizi zakumanirana pali mzere wakuthwa wowongoka. Kukongola kwa wotchi kuli pa mizere yakuthwayo kuposa pa kuwala. Wotchi yokwechedwa mosasamala imawala ndithu, koma makona ake onse amabulungika ngati sopo wosambira kale, ndipo anthu odziwa mawotchi amaizindikira ali patali, n'chifukwa chake wotchi yakale yokalika koma yosakwechedwa kawirikawiri imagulidwa mtengo wabwino kuposa yowala imene inataya makona. Jambulani chigobacho ndi foni mbali zonse musanayambe, kuti mudzakumbukire kumene timizere tinkalowera.

Chimene chimabulungitsa makona ndi chala. Munthu akakulunga sandipepala pachala, mnofu wofewa umapindikira pakona n'kuidya mbali zonse ziwiri. Choncho sandipepala aliyense amatidwe pa chinthu cholimba ndi chophwatalala, monga kamtengo kowongoka, chidutswa cha lula yachitsulo, kapena galasi la lova loikidwa pathebulo pamene mukufuna kuyendetsa chigoba m'malo moyendetsa sandipepala. Gulani sandipepala wakuda wogwiritsa ntchito ndi madzi, amene amapezeka m'mashopu ogulitsa penti wa galimoto, wa nambala 400, 600, 800, 1200 ndi 2000. Nambala ikamakwera, mchenga wake umakhala waung'ono. Yambani ndi wosalala kwambiri amene angathe kuchotsa zokalikazo, mwina 800, ndipo mutsikire ku 600 kapena 400 pokhapokha mwaona kuti mzere ukukana. Mzere umene chikhadabo chimakodwa mukachiyendetsa pamwamba pake ndi wakuya, ndipo nthawi zambiri ndi bwino kungoufewetsa m'malo mousakasaka mpaka pansi.

Gwirani mbali imodzi panthawi, zinazo mutaziphimba ndi tepi. Njira yodziwira ngati mukuyenda mowongoka ndi yosavuta. Pakani mbali imene mukukwechayo ndi inki ya maka, kenako yendetsani sandipepala kawiri kapena katatu n'kuyang'ana. Inki ikachoka m'mphepete mokha pakati n'kutsala, ndiye kuti dzanja lanu likugwedezeka ndipo mwayamba kudya makona. Ikachoka mofanana paliponse kupatula m'mizere yokalika, imene imatsala yakuda, muli panjira yabwino, ndipo mizere yakudayo imakuuzani kuti kwatsala kuya kotani. Posintha nambala ya sandipepala, tsukani chigoba ndi manja omwe, chifukwa mchenga umodzi wa 400 wotsalira umawononga ntchito yonse ya 2000. Sinthaninso kolowera, kuti ngati munayenda mlitali muyende mopingasa, ndipo musapite patsogolo mpaka timizere ta sandipepala woyamba titatheratu.

Za madzi ndinenepo mwapadera, popeza ndife a kuchigwa. Mijigo yambiri ya m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi a mchere, ndipo mchere ndiye mdani wamkulu wa chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulochi chimadziteteza chifukwa cha kromu amene ali mkati mwake, amene mu 316L amakhala pakati pa 16 ndi 18 peresenti. Kromuyo akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa kosaoneka ndi maso kamene kamatchinga dzimbiri. Mukakwecha mumachotsa kachikopako, ndipo ngakhale kamadzipanganso kokha, mchere umakaboola n'kusiya timaenje tating'ono. Pokwecha ndi potsukuluza gwiritsani ntchito madzi a mvula kapena madzi oyera othira mu batire ya galimoto, osati asidi wake. Thukuta nalo ndi la mchere, ndipo m'miyezi ya October ndi November, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, limalowa pansi pa chivundikiro ndi pakati pa nyanga n'kuumira momwemo. Musadabwe mukapeza timaenje takuda kumalo amenewo. Timeneto titsukeni bwino koma musatikweche, makamaka pamzere pamene kalabala kamakhala, chifukwa mukatsitsa pamenepo wotchi siidzatchinganso madzi.

Mukafika pa 2000, mbali zoyenera kuwala zipukuteni ndi mankhwala opukutira chitsulo monga Autosol, pang'ono chabe, pakansalu kapena kachikopa kokulunga pa kamtengo komwe kaja. Yambani ndi mbali zowalazi, kenako ziphimbeni ndi tepi yatsopano, ndipo mumalizire ndi za timizere. Timizereto timabwezeretsedwa ndi sandipepala wa 600 kapena kasiponji kokhakhala ka Scotch-Brite, poyendetsa mbali imodzi yokha, kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto osaima pakati ndi osabwerera, chifukwa pamene dzanja laima kapena kubwerera pamatsala timizere tokhota. Ine ndimakonda chigoba chokhala ndi timizere tambiri kuposa chowala paliponse, pakuti m'fumbi la kuno chowala chimaonetsa zokalika zatsopano msanga, pamene chatimizere chimazibisa ndipo sichivuta kuchikonzanso.

Tsopano nkhani ya nyanga ndi tupa, imene ndi yovuta kuposa zonsezi. Mkati mwa nyanga iliyonse muli kabowo kamene kachitsulo kogwira lamba kamalowamo, ndipo chitsulo chotsala mozungulira kabowoko n'chochepa kale. Mukachepetsa kunsonga kapena kunsi mopitirira, kabowo kamang'ambika tsiku lina muli panjinga, wotchi n'kugwa. Mbali ya mkati mwa nyanga isakhudzidwe n'komwe, popeza mpata wa pakati pa nyanga ziwiri unayezedwa molingana ndi lamba, kaya ndi mamilimita 18, 19 kapena 20, ndipo ukakula lamba amagwedera. Vuto lina ndi lakuti nyanga zilipo zinayi, ndipo diso la munthu limaona msanga ikasiyana imodzi, choncho chilichonse chimene mwachita pa imodzi muyenera kuchibwereza pa zitatu zinazo ndi muyezo womwewo. Izi zimafuna timatupa ting'onoting'ono tosalala, veniya yoyezera makulidwe, ndi njira yogwirira chigoba mosasuntha, monga kuchimangirira pa kathabwa kosemedwa molingana ndi bowo lake. Kuchipana mu vaisi mwachindunji kumachipinda, ndipo galasi silikhalanso bwino. Tupa ikhale yatsopano kapena yosagwiritsidwapo ntchito pa chitsulo wamba, chifukwa tizidutswa ta chitsulo chimenecho timakanirira pachigoba n'kuyamba dzimbiri. Pachifukwa chomwechi waya wotsukira mapoto asayandikire.

Kadzenje ka pakona kaja sikangadzazidwe kunyumba. Akatswiri amadzaza malo otere ndi makina owotcherera a leza, amene amaika kachitsulo kochepa popanda kutenthetsa chigoba chonse, pamene makina owotcherera mageti angangochisungunula. Chimene mungachite ndi tupa n'kuchotsa kamlomo kachitsulo kamene kanatukuka m'mphepete mwa kadzenjeko, kuti kasamakole malaya, kenako n'kusalaza ndi sandipepala. Njira ina ndi kusema kampendero kopendekeka m'mphepete mwa nyanga zonse zinayi, kotambalala pafupifupi theka la milimita, kamene kamameza mbali yaikulu ya kadzenjeko ndi kupangitsa nyanga kuoneka zowonda popanda kuzifooketsa. Kampenderoko kakapukutidwa n'kuwala pambali pa timizere, wotchi imaoneka bwino kwambiri. Koma luso limeneli musaliphunzirire pa wotchi ya bambo anu. Funsani okonza mawotchi kuti akugulitseni zigoba ziwiri kapena zitatu za mawotchi akufa, zimene amazisunga m'zitini, ndipo muyambe ndi zimenezo mpaka mizere yanu itawongoka. Ikanakhala yanga, Seiko imeneyo ndikanaisiya ndi nyanga zake monga anaipangira, n'kungochepetsa zokalika zazikulu.

Ntchito ikatha, tsukani chigoba kangapo ndi sopo ndi mswachi, mutokose timabowo ta nyanga ndi kachubu kolowera kochunira nthawi ndi kamtengo kosongola, chifukwa mankhwala opukutira amabisala m'menemo, kenako chiumitseni bwinobwino musanabwezeremo makina. Timalabala takale tisinthidwe ndi tatsopano topakidwa girizi wa silikoni, osati Vaseline kapena oyilo wa makina, amene amawononga mitundu ina ya labala. Ngati galasi lake ndi lapulasitiki, zokalika zake zimachoka ndi mankhwala opukutira pulasitiki a Polywatch kapena mankhwala otsukira mano, koma ngati ndi galasi lenileni, monga Hardlex ya Seiko, n'kwapafupi kugula latsopano kusiyana ndi kulikwecha. Ndipo wotchi imene yatsegulidwa n'kutsekedwanso popanda kuyesedwa ndi makina oyezera ngati ikutchinga madzi, muzivula posamba, pochapa ndi powoloka Shire pabwato.