Kodi kusowa tulo kumeneku ndi chitungu chabe?

Mayi wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo. Akuti ali ndi zaka 48, msambo ukubwera mwa apo ndi apo, ndipo usiku amadzidzimuka cha m'ma 2 thukuta lili kamukamu mtima ukugunda, tulo osabweranso mpaka tambala. Kunyumba akumuuza kuti aaa ndi kutentha kwa kuno basi, zizolowereni. Akufunsa ngati ndi zoona komanso ngati kuli koyenera kuda nazo nkhawa.

Amayi, chitungu cha Chikwawa ndi Nsanje tonse tikuchidziwa, Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, nyumba ya malata imasunga moto mpaka pakati pa usiku. Koma zanuzi sindikukhulupirira kuti ndi nyengo yokha. Azimayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo zaka zoyandikira pamenepo mahomoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa msambo), makamaka otchedwa estrogen, amakwera kutsika kenako nkuchepa, ndiye thupi limalephera kuwongolera bwino kutentha kwake. Ndi chifukwa chake moto umayambira pachifuwa kukwera kukhosi mpaka kumaso, mphindi zochepa wadutsa, chitenje chanyowa, mwina mpaka kumva kuzizira pambuyo pake. Ngati mu Juni zinkachitikanso, dziwani kuti si dzuwa.

Chomwe chimandiwawa ine ndi chakuti mzimayi akagona timati ndi ulesi. Adzuke 4 koloko kukaima pamzere kumjigo, apite kudimba dzuwa lisanakwiye, aphike, adzukulu ali pamsana, kukagwa maliro achezere usiku onse, Lachisanu overnight kutchalitchi, ndiye agona liti? Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Tikagona BP imatsika mtima nkupumako, ndiye ukamaphonya tulo miyezi ndi miyezi chiopsezo cha BP ndi shuga chimakwera, njala imachuluka thupi nkumanenepa, umaiwala pomwe waika makiyi, umakalipira ana pa zinthu zazing'ono kenako nkudzimvera chisoni wekha. Ndipo iyi ndi nthawi yomwe chitetezo chomwe estrogen imapereka ku mtima ndi mafupa chikuchepa kale. Tulo pamsinkhu uwu si zamasewera ayi.

Musanangoti ndi msinkhu, pitani kuchipatala kaye. Thukuta la usiku limabweranso ndi malungo, ndipo kuno udzudzu sitiusowa. Likakhala ndi chifuwa chosatha ndi kuonda, akuyezeni TB. Apempheni akuyezeninso BP ndi shuga, makamaka ngati mukudzuka kukakodza kangapo usiku umodzi. Ngati abambo akunyumba akuti mumaliza mkonono kwambiri mpaka kumabanika, kaneneninso zimenezo kuchipatalako, musachite manyazi. Mukatha chaka chathunthu osasamba kenako nkuona magazi, musadikire, thamangani akaone khomo la chiberekero. Komanso poti msambo ukadabwerabe, mimba ndi yotheka, zakulera musasiye panokha.

Kunyumba yesani izi. Tiyi wa masamba ndi Coca-Cola zithere masana, madzulo ayi. Sambani madzi ozizirirapo musanagone, valani za thonje zopepuka osati nailoni, pambali pa mphasa pakhale botolo la madzi ndi kansalu konyowa kopukutira khosi moto uja ukayamba. Mukaganiza zogona pakhonde poti m'nyumba mwatentha, neti ituluke nanu, mangani bwinobwino. Foni ija, ma group a WhatsApp a banki mkhonde ndi a kumpingo, adikire kuche. Tulo tikakana musamangotembenuka mukuwerengera ngongole, dzukani mukhale pansi mumdima pang'ono mpaka maso alemere. Masana mukapeza mpata tsinzinani mphindi 20 kapena 30 pansi pa mtengo, osati mpaka dzuwa kupendeka.

Mapiritsi ogonetsa ogula pa grosale musawazolowere, ngati pakufunika mankhwala akuuzeni ndi adokotala atakuonani. Ndipo kunyumbako khalani nawo pansi muwauze kuti madzi a m'mawa ena azikatunga, masiku ena inu muzidzuka mochedwerako.