Kodi mafuta a kokonati amasokoneza maantibayotiki akumwa?

Mwafunsa kuti popeza mumamwa supuni ya mafuta a kokonati m'mawa uliwonse, ndipo tsopano adokotala akupatsani maantibayotiki akumwa, kodi mafutawo afooketsa mankhwalawo kapena awawonjezera mphamvu monga ena amanenera. Yankho lagona pa dzina la mankhwala amene mwapatsidwa, ndipo dzinalo simunalitchule. Mafuta a m'zakudya amasinthadi kalowedwe ka mankhwala m'magazi, koma mankhwala ena amathandizidwa nawo, ena amachedwetsedwa, ndipo ena sakhudzidwa n'komwe. Pa nkhaniyi mafuta a kokonati alibe chachilendo chilichonse, amachita zimene mafuta ena ophikira amachita.

Piritsi likamezedwa liyenera kusungunuka kaye, kenako lichoke m'chifu kupita m'matumbo aang'ono, chifukwa n'kumene mankhwala ambiri amalowera m'magazi. Chakudya chamafuta chimachedwetsa ulendowu, pakuti chifu sichifulumira kutulutsa zimene zili m'kati mwake mukakhala mafuta, ndiponso chimachititsa kuti ndulu ithiridwe m'matumbo. Ndulu imagwira ntchito ngati sopo m'madzi otsukira mbale zamafuta, motero mankhwala amene sasungunuka bwino m'madzi amapeza njira yolowera m'thupi mosavuta. Koma mankhwala amene amaonongeka ndi asidi wa m'chifu amataya mphamvu akakhalitsa m'menemo pamodzi ndi chakudya. N'chifukwa chake makampani opanga mankhwala amayesa mankhwala atsopano pa anthu osadya kanthu komanso pa anthu amene angodya chakudya chamafuta ambiri. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku United States, limafuna kuti chakudya choyeseracho chikhale cha makalori 800 mpaka 1,000, theka lake lochokera ku mafuta, ndipo supuni imodzi yaikulu ya mafuta a kokonati, ya makalori pafupifupi 120, ili kutali kwambiri ndi muyezo umenewo.

Mankhwala amene amafunadi chakudya alipo. Bedaquiline, amene anavomerezedwa mu 2012 pochiza chifuwa chachikulu cha TB chosamva mankhwala, amalowa m'magazi mowirikiza pafupifupi kawiri akamwedwa ndi chakudya, ndipo wodwala amene amawamwa wosadya kanthu akudzimana yekha gawo la chithandizo chake. Cefuroxime wa mapiritsi amalowanso bwino munthu akangomaliza kudya, chimodzimodzinso nitrofurantoin, amene amaperekedwa kawirikawiri pa matenda a m'chikhodzodzo, komanso chakudyacho chimachepetsa nseru imene mankhwalawa amabweretsa. Griseofulvin wa zipere ndi lumefantrine wa malungo si maantibayotiki opha mabakiteriya, koma ndikuwatchula chifukwa ndi amene amasonyeza bwino kwambiri mmene mafuta amathandizira, ndipo ndikuganiza kuti mphekesera yoti mafuta amalimbikitsa mankhwala onse inachokera ku malangizo a mankhwala otere.

Mbali inayo kuli mankhwala ofuna m'mimba mopanda kanthu. Ampicillin, flucloxacillin ndi penicillin V amamwedwa patatsala ola limodzi kuti munthu adye, kapena patapita maola awiri chidyereni. Rifampicin ndi isoniazid, amene ndi msana wa chithandizo cha TB wamba, amachedwa kulowa ndipo safika pa mlingo wake wapamwamba m'magazi akamwedwa pamodzi ndi chakudya chamafuta ambiri. Ngati mankhwala anu ali m'gulu limeneli, supuni ya mafuta ija muiwerenge ngati chakudya, ngakhale mutaithira mu khofi kapena m'madzi otentha. Amoxicillin yekha sasamala za chakudya, pamene amoxicillin wosakaniza ndi clavulanic acid ndi bwino kumumwa poyamba kudya kuti m'mimba musavute.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si mafuta, koma mkaka ndi mapiritsi owonjezera michere m'thupi, zimene anthu ambiri saziganizira n'komwe. Tetracycline ndi ciprofloxacin amamatana ndi kashiamu, ayironi, zinki, magineziyamu ndi aluminiyamu m'matumbo, n'kupanga chinthu chimene thupi silingathe kuchiyamwa, kotero gawo lalikulu la mankhwalawo limangotuluka ndi chimbudzi. Munthu amene wameza ciprofloxacin ndi kapu ya mkaka kapena yogati, kapena wamwa pamodzi ndi mankhwala a kutentha pamtima kapena mapiritsi owonjezera magazi, angamalize mapiritsi onse matenda asanathe, kenako n'kumanena kuti mankhwalawo anali abodza. Malangizo a ciprofloxacin amati amwedwe patatsala maola awiri kuti munthu amwe zinthu zoterezi, kapena patapita maola 6. Mafuta a kokonati alibe kashiamu woti n'kubweretsa vuto limeneli, koma zakumwa za kokonati za m'mapaketi zimene zimagulitsidwa m'malo mwa mkaka nthawi zambiri amaziwonjezera kashiamu, choncho muwerenge zimene zalembedwa papaketipo.

Ena amanena kuti mafuta a kokonati paokha amapha tizilombo, ndiye munthu angachepetse mapiritsi kapena kuwasiya. Apa mpofunika kulankhula mosabisa, chifukwa malangizo amenewa akhoza kupha munthu. N'zoona kuti pafupifupi theka la mafuta a kokonati ndi mtundu wa mafuta wotchedwa lauric acid, ndipo n'zoonanso kuti lauric acid pamodzi ndi monolaurin, amene amapangidwa kuchokera kwa iye, amalepheretsa mabakiteriya ena monga Staphylococcus aureus kuswana akayesedwa m'mbale za mu labotale. Koma m'mbalemo tizilombo timakhudzana ndi chinthucho mwachindunji, pamene mafuta odyedwa amagayidwa, amayamwidwa, kenako thupi limawagwiritsa ntchito ngati mphamvu kapena kuwasunga. Safika m'mapapo, m'chikhodzodzo kapena pachilonda ali mu mkhalidwe ndi mlingo woti n'kupha tizilombo. Mafuta a kokonati si mankhwala a chibayo kapena a matenda a m'magazi, ndipo amene achepetsa mlingo wa maantibayotiki pokhulupirira mafutawa amasiya mabakiteriya olimba akuswana, omwe mawa sadzamvanso mankhwala omwewo.

Palinso nkhani ya m'mimba. Maantibayotiki ambiri amatsekula m'mimba chifukwa amapha ndi mabakiteriya abwino a m'matumbo, ndipo mafuta a kokonati akamwedwa ochuluka, makamaka munthu asanadye kanthu, nawonso amatsekula m'mimba ndi kuyambitsa nseru. Ziwirizi zikakumana munthu amatha kusanza piritsi lisanalowe m'magazi, kapena kutaya mtima n'kusiya mankhwala poganiza kuti sakumuyanja. Pa chifukwa chimenechi, ine ndikanakulangizani kuti muyambe mwasiya kumwa mafutawo paokha mpaka mutamaliza mankhwala, koma kuphikira chakudya mwa masiku onse mupitirize popanda nkhawa. Mukaona kuti mukutsekula m'mimba kwambiri, kapena mukuchita chimbudzi cha magazi, kapena thupi latentha ndipo m'mimba mukupotokola, pitani kuchipatala msanga ngakhale mutamaliza kale mapiritsi, popeza zizindikirozi zikhoza kukhala za kachilombo ka Clostridioides difficile, kamene kamafuna chithandizo chakechake.

Onani pakapepala kamene kali m'bokosi la mankhwala kapena zimene analemba pakathumba, ndipo ngati sizikumveka afunseni a ku famase kapena adokotala amene anakulemberani, muwauzenso za supuni ya mafutayo ndi china chilichonse chimene mumamwa tsiku ndi tsiku. Akakuuzani kuti mankhwalawo ndi omwera m'mimba mopanda kanthu koma inu mukufunabe mafuta anuwo, mwani piritsi ndi madzi okha mukangodzuka, ndipo mafutawo muwasunthire ku chakudya chamasana.