Chivundikiro cha pa dashibodi chikukana kubwerera m'malo mwake

FUNSO: Akonzi, ndinachotsa chivundikiro cha pulasitiki chozungulira wailesi pa dashibodi ya galimoto yanga kuti ndiikemo wailesi ina. Wailesiyo ikulira bwino, koma chivundikirocho sichikukhala: mbali ya kumanja yalowa, ya kumanzere yatukuka, ndipo ndikafika pa mabampu chimangoti gwedegwede. Mnzanga akuti ndingochimata ndi guluu. Kodi ndimumvere? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Bambo, guluuyo musamuyandikize n'komwe. Chivundikiro chimenechi chinapangidwa kuti chizichotsedwa ndi kubwezeretsedwa, ndipo mukachimata, tsiku limene makaniko adzafune kufika ku mawaya a kumbuyo kwake adzachita kuchiswa.

Chichotseninso, muchitembenuze, muyang'ane kunsi kwake. Mudzaona timitu ta pulasitiki totulukira kunja, ndipo pa kamutu kalikonse pamayenera kukhala kilipu, kaya yachitsulo yopindika ngati chilembo V kapena ya pulasitiki. Werengani timituto, kenako werengani makilipu. Kawirikawiri, munthu akamakoka chivundikiro, kilipu imodzi kapena ziwiri zimavuka n'kutsalira m'mabowo a dashibodi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi zimene zachitika kumanzere kwanuko. Kilipu yotsalira m'bowo imatsekereza njira, kotero ngakhale mukankhe ndi mphamvu zotani, chivundikiro sichingakhale pansi. Itulutseni mosamala ndi pulayazi yosongoka, muigwire zolimba kuti isagwere mkati mwa dashibodi, pakuti ikagwera mmenemo imakhala ikulira kosalekeza pamalo amene dzanja silifika. Mukatero ivekeni pa kamutu kake, ndipo ngati yachitsuloyo yaphwatalala, itanuleni pang'ono kuti ibwezeretse mphamvu yogwira. Yothyoka imafuna ina yatsopano, ndipo pokagula tengani yakaleyo m'thumba, chifukwa makilipu amasiyana kukula ngakhale m'galimoto imodzi yomweyo.

Pobwezeretsa, yambani mwalumikiza mawaya onse, makamaka a batani la ma hazard ngati lili pa chivundikirocho, ndipo onetsetsani kuti palibe waya amene wapanikizika pakati. Zivundikiro zambiri zili ndi timano tokolowekera mbali imodzi, ndipo mbali imeneyo ndiyo imayamba kulowa. Kenako suzumirani m'mphepete kuti muone ngati kilipu iliyonse yalunjika pa bowo lake, ndiye mukankhe ndi chikhatho pamwamba penipeni pa kilipuyo mpaka mumve kuti "tha". Musamenye ndi chibakera, ndiponso musakankhe pakati pa makilipu awiri, chifukwa pamenepo pulasitiki imapindika n'kung'aluka. Pulasitiki imene yapsa ndi dzuwa kwa zaka zambiri imathyoka msanga, makamaka ikazizira, choncho ntchitoyi ndi bwino kuigwira pamene mkati mwa galimoto muli mofunda. Ndimamva chisoni ndikaona dashibodi yokandikakandika ndi sikuludiraiva, pamene pali tizipangizo ta pulasitiki totukulira zivundikiro timene sitisiya chipsera.

Ngati kamutu kenikeniko ndi kamene kathyoka, pamenepo pokha ndi pomwe guluu wa epoxy angathandize, pomata kamutuko ku chivundikiro, osati chivundikiro ku dashibodi. Phokoso likapitirira makilipu onse atalowa, matani kansalu kopyapyala ka felt pamene mapulasitiki awiri akukhulana.

Chinthu china ndi chokhudza moyo. M'galimoto zambiri, mawaya ndi mapulagi achikasu ndi a airbag, thumba limene limafufuma mwadzidzidzi pa ngozi kuti liteteze munthu. Ngati ntchito yanu ikufika pafupi nawo, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negative pa batire, ndipo mudikire nthawi imene buku la galimoto yanu likunena musanakhudze chilichonse, popeza magetsi ena amatsalira kwa kanthawi batire itachotsedwa. Musayatse galimoto pulagi yachikasu ili yosalumikiza, chifukwa nyali ya airbag idzayaka, ndipo pa galimoto zambiri siizima mpaka makaniko aifufute ndi kompyuta.